Mazda MX-5 yakale ikunjenjemera pa idling: mafunso ndi mayankho pa nkhani ya vacuum leak

Mafunso awa ndi omwe eni ake a MX-5 yoyamba ija, ya magetsi otukuluka pa boneti, amafunsa mobwerezabwereza. Zambiri zikugwiranso pa galimoto zina zakale za injection zokhala ndi mita yoyeza mpweya, koma manambala ndi malo a zinthu ndi a MX-5.

Yanga yalembedwa Eunos Roadster, ndi galimoto yomweyo?

Eya ndi yomweyo. Ku Japan ankaigulitsa ndi dzina loti Eunos Roadster, ku America Miata, ku Ulaya MX-5. Mtundu woyambawu umatchedwa NA ndipo unapangidwa kuyambira 1989 mpaka 1997. Chofunika kudziwa si dzina koma injini. Zoyambirira zili ndi 1.6 yotchedwa B6, ndipo mita yake ya mpweya, AFM, ili ndi kachitseko mkati kamene mpweya umakankha polowa. Kuyambira 1993 kunabwera 1.8 yotchedwa BP, iyoyo mita yake ndi MAF, ya kawaya kotentha. Kusiyana kumeneku kubweranso m'mayankho angapo m'munsimu nde dziwiranitu yanu.

Vacuum leak ndi chani kwenikweni? Mesa palibe chikudontha pansi?

Palibe chodontha chifukwa liki imeneyi ndi yolowa mkati, osati yotuluka. Injini ikamalira phazi lili kutali ndi moto, throttle, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini, imakhala yotseka koma mapisitoni akukokabe mpweya, nde mu manifold, mapaipi ogawira mpweya ku masilinda, mumakhala kukoka kwamphamvu. Kabowo kalikonse kamene kali panjira, mpweya wakunja umalowera pompo.

Vuto ndi loti kompyuta ya injini imathira petulo molingana ndi mpweya umene mita yawerenga, pafupifupi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Mpweya wolowa pa mng'alu kuseri kwa mita uli ngati anthu olowa ku mpira modumpha mpanda, m'bwalo adzazamo koma pageti sanawerengedwe. Petulo amachepa, moto mu silinda umakhala wofooka, pena osayaka n'komwe, injini n'kuyamba kugwedezeka.

Nanga bwanji ikuvuta ikangoima, koma pamsewu ikuthamanga bwinobwino?

Pa idling injini imadya mpweya wochepa kwambiri, ndipo nthawi yomweyo kukoka kwa mu manifold kumakhala pamwamba. Kabowo kakang'ono kamakhala gawo lalikulu la mpweya wonse. Mukaponda moto throttle n'kutseguka, mpweya wodutsa pa mita umachuluka, kukoka kuja kumatsika, nde wakuba uja sakhalanso kanthu. Ichi ndiye chizindikiro chachikulu. Galimoto yovuta pa maloboti koma yokoka bwino pokwera phiri, ganizani za liki kaye. Yovuta mukaponda moto kwambiri koma ili phee pa idling, yang'anani kwina: filita ya petulo, pampu, mawaya a mapulagi.

Zizindikiro zina ndi ziti?

Singano ya ma rev kukwera ndi kutsika yokha, kapena kukhala pamwamba pa 1,200 olo injini yatentha kale. Kufuna kuzima mukaponda kilatchi pofika pa mphambano. Kukayikakayika ponyamuka. Kaphokoso ka "sssss" pansi pa boneti, pena kumveka ngati likhweru. Mapulagi otuwa mbuu m'malo mwa kabulawuni. Ina imavuta kwambiri m'mawa n'kumakhala bwino ikatentha chifukwa labala ndi gasiketi zikafunda zimafufuma n'kutseka mng'alu, komanso sensa ya oxygen ikatentha kompyuta imayamba kuwonjezera petulo n'kubisa vutolo.

Idling yoyenera pa NA ndi ma rev 850, kusiyana ndi 50 kumwamba kapena pansi, injini itatentha, magetsi, fani ndi AC zonse zili zozima. M'mawa kuyamba ili pamwamba n'kumatsika pang'onopang'ono si vuto, anaipanga choncho.

Imakonda kuba mpweya pati?

Yambani ndi chipaipi chachikulu chakuda chochokera ku mita, chodutsa kutsogolo kwa injini kupita ku throttle body. Makona ake ndi alabala okhala ndi timizere, ndipo mng'alu umabisala m'kati mwa timizere timeneti, kawirikawiri kunsi komwe maso safika. Kungoyang'ana muona ngati chili bwino. Masulani makilampu, chichotseni, chipindeni ndi manja pa dzuwa. Chotha chimasiya zakuda m'zala, pamwamba pake pamakhala timing'alu tambirimbiri, ndipo mukapinda kamodzi mwa timing'aluto kamayasama mpaka kuwala kuonekera mkati. Timapaipi tating'ono tolumikizika pa chipaipi chomwechi tionenso, makamaka kopita pa kava ya mavalavu ndi kopita ku valavu ya idling.

Kenako PCV, kavalavu kotulutsa mpweya wa m'kati mwa injini kupita ku manifold. Ili pa kava ya mavalavu mbali ya manifold, yolowetsedwa mu kalabala kozungulira. Kalabala kameneka ndi zaka kamauma gwa, valavu n'kumangogwedera momasuka. Pokachotsa samalani, kamaphwanyika ndipo zidutswa zimagwera mkati mwa kava. Valavuyo mukaigwedeza izilira kuti khotchokhotcho, koma olo ikulira, ngati ndi ya chaka chomwe galimoto inapangidwa ingosinthani, si yodula.

Kupitirira apo: paipi yonenepa yopita ku booster ya mabuleki (yomwe imapepukitsa chopondera buleki), kapaipi ka pa regulator ya petulo, timapaipi ta purge topita ku chigubu cha makala, tizipewa talabala totseka timilomo tosagwiritsidwa ntchito pa manifold, gasiketi ya throttle body, gasiketi ya manifold, ndi timalabala tapansi pa ma injector. Timalabala ta ma injector anthu amatiyiwala kwambiri, makamaka ngati wina anachotsapo ma injector kukatsuka n'kubwezera takale tomwe. Pa 1.8 yokhala ndi EGR, yomwe imabwezera utsi wina wa ekizozi mu manifold, valavu yake ikakakamira yotseguka ndi mwaye imachita chimodzimodzi ngati liki. Olo chotsekera oyilo ndi dipstick zimawerengedwa, chifukwa mpweya wa m'kati mwa injini umakokedwa kudzera pa PCV.

Ndilibe zida, ndingaipeze bwanji pakhomo?

Ndi khutu komanso pulaya. Tengani chidutswa cha paipi yothirira maluwa, mbali ina pa khutu, inayo muziyendetsa pang'onopang'ono m'mbali mwa manifold ndi mapaipi injini ikulira. Mukafika pa liki phokoso lija limakula mwadzidzidzi. Malaya, tsitsi ndi paipiyo zikhale kutali ndi malamba, ndipo kumbukirani kuti fani ya radiator ndi yamagetsi, imayaka yokha osachenjeza.

Kenako finyani kapaipi kamodzikamodzi ndi pulaya yokulunga nsanza, pafupi ndi manifold. Mukafinya kena idling n'kukhazikika, liki ili mu kapaipi kameneko kapena mu chinthu chomwe kakupitako. Paipi youma osaifinya, ingothyoka, ngakhale kunena zoona ikathyoka pofinya inali itatha kale. Imeneyo izuleni n'kutseka mulomo wa pa manifold ndi chala.

Madzi nawo amathandiza. Botolo lopopera, madzi wamba, poperani pang'ono pa gasiketi ya manifold ndi m'munsi mwa ma injector. Madzi amatseka kabowo kwa kanthawi kapena kukokedwa mkati, kulira kwa injini n'kusintha. Musapopere pa koyilo, pa mawaya a mapulagi ndi pa zolumikizira mawaya za masensa.

Amakaniko ambiri amapopera carb cleaner, ndi njira yabwino?

Imagwira, n'chifukwa chake aliyense amaikonda. Mankhwala aja amayaka, akakokedwa pa liki amakhala ngati petulo wowonjezera ndipo ma rev amasintha. Koma ali ndi mavuto awiri. Loyamba ndi moto: waya wa pulagi wothetheka kapena manifold ya ekizozi yotentha ndi zokwanira kuyatsa boneti yonse, ndipo galimoto yazaka zoposa 25 mawaya othetheka sachedwa kupezeka. Lachiwiri, nthunzi yake imatha kukokedwa ndi bokosi la filita n'kusintha ma rev olo pamene mwapoperapo palibe liki, inu n'kukagula gasiketi pachabe.

Ngati mwasankha njira imeneyi chitirani panja, injini isanatenthe kwambiri, ndi kapaipi kofiira kaja kuti muzilasa malo amodzi, pang'onopang'ono, chozimitsira moto chili pafupi. Mbali ya ekizozi musayandikireko. Ine ndimaona kuti bola madzi kaye, kenako utsi.

Za utsi zimayenda bwanji?

Iyi ndiye njira yosanama. Injini ikhale yozima. Chotsani chipaipi chachikulu pa mita, tsekani kukamwa kwake ndi golovesi yalabala yomanga ndi kilampu, kenako lowetsani utsi kudzera pa mulomo wa manifold, wa booster ndi wabwino chifukwa ndi waukulu. Utsi umadzaza manifold ndi mapaipi onse n'kutulukira pomwe pali bowo. Tochi imathandiza kwambiri, makamaka pansi pa manifold pomwe dzanja silifika, mumaona kamzere ka utsi kakukwera kuchokera pa injector yachitatu kapena pakona pa gasiketi.

Magalaja ena ali ndi makina ake. Pakhomo anthu amapanga ndi chitini chotsekeka bwino, nsanza yofuka ndi pampu ya njinga. Mphamvu ikhale yochepa zedi, 1 kapena 2 psi basi, kompuresa ya matayala ayi, ingaphulitse masilu omwe anali abwino. Utsi usadutse mu mita, makamaka MAF ya 1.8, mafuta a mu utsi amadetsa kawaya kaja. Kautsi kochepa pa shafti ya throttle sikodetsa nkhawa pa galimoto yakale, pokhapokha ngati kakutuluka kambiri kapena shaftiyo ikugwedera mukaigwira.

Ndaika geji ya vacuum ikuwerenga 15, buku likuti 17 mpaka 21. Ndiye kuti ndili ndi liki?

Dikirani kaye, muli kuti? Manambala a m'mabuku ndi a malo otsika ofanana ndi nyanja yamchere. Pa mamita 300 aliwonse okwera, geji imatsika ndi pafupifupi 1 inHg, muyeso wa pa gejiyo, chifukwa mpweya wakunja umapepuka. Lilongwe ndi Blantyre ali pa mamita opitirira pang'ono 1,000, nde chotsani 3 kapena 4. Johannesburg ali cha m'ma 1,750, chotsani pafupifupi 6. Injini yabwinobwino yowerenga 19 ku Durban kapena ku Beira itha kuwerenga 15 ndi theka ku Lilongwe popanda vuto lililonse. Anthu amasula manifold chifukwa chongoyiwala zimenezi.

Yang'anani khalidwe la singano kuposa nambala. Yokhazikika ndi yabwino. Yokhazikika koma yotsika kwambiri, olo mutachotsera za kukwera kwa malo, ndi liki yaikulu kapena timing yochedwa. Yogwa n'kubwerera mwa nthawi yofanana ikuloza silinda imodzi, valavu kapena pulagi. Yoyendayenda pang'onopang'ono ikuloza kusakanikirana kwa petulo ndi mpweya. Mukaponda moto msanga n'kusiya, igwe pafupi ndi 0 kenako idumphe kupitirira pomwe inali n'kubwerera. Geji ilumikizeni pa manifold penipeni, kuseri kwa throttle.

Ya 1.6 yanga ikulira masekondi awiri n'kuzima, nayonso ingakhale liki?

Kwambiri, ndipo ndi khalidwe la 1.6. Mu AFM muli kaswitchi ka pampu ya petulo, pampu imapitiriza kugwira ntchito pokhapokha kachitseko kaja katatseguka ndi mpweya. Poliza, pampu imayenda chifukwa cha starter. Mukasiya kiyi, ngati chipaipi chachikulu chavuka kapena chang'ambika kwambiri, injini imakoka mpweya pa bowolo, kachitseko sikatseguka, pampu imaima, injini n'kuzima. Zimachitika kawirikawiri munthu akangosintha filita kapena lamba n'kuyiwala kumanga kilampu imodzi. Onaninso pulagi ya mawaya ya pa AFM ngati yalowa bwino. Ndipo pochotsa pulagi imeneyi mumachotsa kawaya kogwirira kaja, osamasula tisikulu tiwiri ta m'mbali mwake, mukamasula timeneto n'kukoka mumadula zolumikiza za mkati mwa mita.

Ndikaponda buleki ma rev amasintha, zikugwirizana?

Kugwedezeka pang'ono mukapopa buleki kangapo ndi kwabwinobwino, booster imagwiritsa ntchito kukoka kwa manifold. Koma ngati mwaponda n'kugwira, idling n'kukhalabe yoipa ndi kaphokoso ka mpweya cha ku mapazi, chikopa cha mkati mwa booster chabooka. Yesani chonchi: injini yozima, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe, gwirani chopondera, lizani. Chitsike pang'ono pansi pa phazi. Chikapanda kutsika pali vuto. Mu paipi ya booster muli valavu yolola mpweya mbali imodzi yokha, nde musaisinthe ndi paipi wamba ya pa msika, ndipo poibwezera onani kuti siinatembenuke.

Makaniko wanga akuti angokweza idling pa sikulu, ndimulole?

Ayi, mpaka liki itafufuzidwa. Sikulu imeneyi ili pa throttle body pansi pa kachipewa, ndipo ntchito yake ndi kuika poyambira pamene zina zonse zili bwino. Kuikweza pa injini yakuba mpweya kumangobisa kunjenjemera, petulo amakhalabe wochepa, ndipo tsiku lomwe mudzakonze liki idling idzathawira kumwamba.

Kuika kwake kulinso ndi ndondomeko. Pansi pa boneti pali kabokosi kakuda kolembedwa DIAGNOSIS, m'kati mwa chivindikiro chake muli chithunzi cha mabowo. Injini itatentha, lumikizani mabowo a TEN ndi GND ndi kawaya, izi zimauza kompyuta kuti isiye kudzikonzera yokha idling ndi timing. Pamenepo onani timing ndi tochi yake, ikhale madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba, kenako sikulu ija mpaka 850, n'kuchotsa kawaya. Werengani chithunzicho bwino, kukhudzitsa B+ ndi GND kumaotcha fyuzi. Munthu wozunguza sikulu osalumikiza TEN ndi GND akulimbana ndi kompyuta, iye akakweza iyo ikutsitsa.

Choipa kuposa apa ndi kudula chivindikiro chakuda cha AFM n'kumasula sipuling'i ya mkati kuti "ipatse mafuta ambiri". Inde idling imakhala bwino, koma galimoto imayamba kumwa petulo pa liwiro lililonse, ndipo kubwezera pomwe inali n'kovuta ngati sanaike chizindikiro. Mukagula galimoto n'kupeza silikoni watsopano kuzungulira chivindikirocho, dziwani kuti munalowa munthu.

Ndafufuza ndi utsi, liki palibe, koma ikunjenjemerabe. Tsopano?

Pitani ku moto. Mawaya a mapulagi pa NA satenga nthawi kutha, ndipo gasiketi ya kava ya mavalavu ikatha oyilo amadzaza m'maenje a mapulagi. Zulani waya uliwonse muone ngati nsonga yake yanyowa. Mpata wa pulagi ndi 1.0 mpaka 1.1 mm. Koyilo imodzi imayatsa silinda 1 ndi 4, inayo 2 ndi 3, nde masilinda awiri a gulu limodzi akafa pamodzi kayikirani koyilo.

Kenako throttle body ndi valavu ya idling yomwe ili pansi pake. Mwaye wamafuta umaunjikana m'mphepete mwa kachitseko n'kuchepetsa mpweya, zotsatira zake ndi ma rev kugwa pafupi kuzima mukafika poima n'kudzukanso. Kutsuka kumathetsa zambiri. Idling yokana kutsika injini itatentha, onani ngati madzi akuyenda mu timapaipi tating'ono topita ku valavu yotenthetsera, imatseka ndi kutentha kwa madzi ndipo ngati madzi ndi ochepa kapena timapaipi tatsekeka imakhala yotseguka. Sensa ya kutentha yomwe kompyuta imawerenga ili kumbuyo kwa injini, ndi yosiyana ndi ya geji ya pa dashibodi, nde geji kuonetsa bwino si umboni.

Ngati vuto linayamba atangosintha lamba wa timing, werengani mano: pakati pa zizindikiro za magiya awiri a ma cam pakhale mano 19. Kuphonya dzino limodzi injini imalira ndithu koma mofooka. Pa 1.6 za 1989 mpaka kumayambiriro kwa 1991 palinso matenda odziwika a mphuno yaifupi ya crankshaft, kiyi imadya mpata wake, timing n'kumachedwa pang'onopang'ono. Pule yapansi ikamavina injini ikulira, musachedwe nayo. Zonsezi zikakhala bwino yezani compression, chofunika ndi choti masilinda onse anayi akhale pafupipafupi.

Kompyuta ya diagnosis singandiuze pomwe pali liki?

Siloza malo, imangonena kuti petulo akuchepa. Za ku America za 1996 ndi 1997 zili ndi OBD-II, polumikizira makina a diagnosis a masiku ano, pamenepo mutha kuona makodi komanso ma fuel trim, omwe amaonetsa maperesenti a petulo amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa. Trim yopitirira +10 pa idling imene ikutsika mukakweza ma rev kufika 2,500 ndi liki. Imene ikukwera limodzi ndi ma rev ndi pampu, filita kapena MAF yakuda.

Zakale zinazo makina a masiku ano salowa. Makodi amawerengedwa ndi kuphethira kwa getsi mutalumikiza TEN ndi GND, ndipo zambiri za ku Japan ndi ku Britain zilibe getsi la check engine, nde mumaika LED yokhala ndi resistor pakati pa FEN ndi B+. Kuphethira kwakutali ndi makumi, kwakufupi ndi imodziimodzi. 8 ndi mita ya mpweya, 9 ndi sensa ya kutentha kwa madzi, 15 ndi 17 ndi za sensa ya oxygen. Koma 15 kapena 17 musathamangire kugula sensa, liki imatha kubweretsa makodi omwewa, chimodzimodzi ekizozi yobooka sensa isanafike.

Petulo wathu wosakaniza ndi ethanol ndi amene akuwononga mapaipi?

A vacuum ayi, mulibe petulo woyenda mmenemo. Amaphedwa ndi kutentha, nthunzi ya oyilo ndi zaka basi. Ethanol yemwe amasakanizidwa ku Malawi ndi ku Zimbabwe angakhudze mapaipi akale a petulo, nde amenewo aoneni paokha, koma ndi nkhani ina.

Ndingamate ndi tepi n'kumayenda? Nanga posintha ndigule zotani?

Tepi pa chipaipi chachikulu ikufikitsani kunyumba komanso ikutsimikizirani kuti vuto ndi limenelo, idling ikakhazikika mutamata ndiye mwapeza. Koma ndi kutentha ndi oyilo imamatuka pasanapite nthawi. Kuyenda ndi liki yaing'ono masiku ochepa sikupha injini, kuyenda nayo miyezi kumatenthetsa mavalavu ndipo kumisa, silinda kuphonya moto, kumawononga catalytic converter ya mu ekizozi. Ya ku booster yokha musayende nayo, ikukhudza mabuleki.

Timapaipi tating'ono sinthani tonse nthawi imodzi, kamodzi kakauma anzake ali m'njira. Jambulani chithunzi pa foni musanazule, ndipo muzichotsa kamodzi n'kuika katsopano musanagwire kena. Kokakamira kang'ambeni ndi leza m'litali mwake m'malo mokoka, timilomo ta pulasitiki ta pa ma solenoid timathyoka msanga. Pitani ndi chidutswa chakale ku shopu kuti mukayerekeze kukula kwa bowo. Paipi ya silikoni ndi yabwino pa timapaipi ta vacuum chabe, pa PCV ndi pa mpweya wa kava ya mavalavu pamadutsa oyilo nde pamafuna paipi yopirira mafuta. Chipaipi chachikulu cha 1.6 ndi cha 1.8 n'zosiyana, poitanitsa kunja tchulani injini ndi chaka, ndipo chogula kwa ophwasula magalimoto chipindeni pa dzuwa musanalipire. Mukamaliza zonse bwererani ku funso la sikulu lija muike idling mwatsopano, makamaka ngati wina anaikwezapo kale.